Mtsikana akatuluka m'chitokosi, apite kwa yani?

Mawu otsogolera: Machitidwe a Atumwi 16:16-40, Marko 5:35-43

M'buku la Machitidwe a Atumwi muli mtsikana wina amene alaliki ambiri amamulumpha pothamangira ku nkhani ya chivomezi chimene chinatsekula zitseko za ndende. Mtsikanayu anali kapolo mu mzinda wa Filipi, ndipo anali ndi mzimu woombeza umene ambuye ake ankapezerapo ndalama zambiri. Paulo atautulutsa mzimuwo, eni ake aja anaona kuti chitsime chawo chaphwa, ndipo anakokera Paulo ndi Sila kubwalo la milandu. Kuchokera pamenepo nkhani ikutsata amuna awiriwo, kukwapulidwa kwawo, kuimba kwawo pakati pa usiku, mpaka kutembenuka mtima kwa woyang'anira ndende. Mtsikana uja satchulidwanso. Anali akadali m'manja mwa anthu okwiya, ndipo tsopano analibenso phindu pamaso pawo. Kodi usiku umenewo anagona kuti? Anamulandira ndani?

Funso lomweli likuyenera kufunsidwa lero ku Mangochi, ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Makanjira ndi m'madoko onse a kummwera kwa nyanja ya Malawi. Tikunena za atsikana osakwana zaka 18 amene amapezeka m'manja mwa apolisi powaganizira kuti aphwanya malamulo. Chiwerengero chawo n'chochepa tikayerekeza ndi cha anyamata, monganso amayi sakwana ngakhale atatu mwa anthu 100 alionse a m'ndende za dziko lino. Kuchepa kumeneku ndiko kumawaiwalitsa. Pokonza malo, ndalama ndi maphunziro a ana olakwira malamulo, m'maso mwa anthu mumabwera nkhope ya mnyamata, ndipo mtsikana amakumbukiridwa atafika kale pa kauntala ya polisi.

Tiyambe taona njira imene mtsikana wa m'mbali mwa nyanja amadzera kuti akafike pamenepo. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Abambo ndi anyamata ambiri a m'bomali amapita ku Joni kukasaka maganyu, ena amayenda ndi maboti kutsata usipa ndi utaka m'madoko akutali, ndipo ana amatsala ndi amayi okha kapena ndi agogo ofooka. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti m'dziko muno amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kale kapena anali oyembekezera. Mu 2020, chaka chimene sukulu zinatsekedwa kaamba ka mliri wa Covid-19, akuluakulu a zaumoyo ku Mangochi analengeza kuti atsikana achichepere oposa 7,000 anatenga pathupi pakati pa Januwale ndi Juni.

Mtsikana amene wasiya sukulu m'nyengo zotere ali ndi njira zochepa. Wina amapita kukagwira ntchito yapakhomo m'tauni. Akakhala miyezi ingapo osalandira malipiro n'kutenga foni kapena ndalama ya abwana, mlandu wake ndi wakuba. Wina amakathera kumabala ndi kumalo ogona alendo, kumene akuluakulu ena amadyera pa thupi lake monga ambuye a ku Filipi aja. Apolisi akachita chipikisheni, wogwidwa ndi iye, pamene mwini malo ndi kasitomala akugona tulo tabwino. Wina amamenyana ndi mkazi mnzake m'banja limene analowetsedwamo ali mwana, n'kumuvulaza. Winanso amabisa mimba chifukwa cha mantha, n'kuchira ali yekha kuthengo, ndipo zotsatira zake zimamufikitsa pa mlandu waukulu umene umagwedeza mudzi wonse. Pa nkhani zambiri zotere, mtsikanayo asanalakwire lamulo pamakhala munthu wamkulu amene anayamba wamulakwira iye, ndipo wamkuluyo dzina lake silioneka pa chikalata cha mlandu.

Malamulo a dziko lino pa nkhaniyi ndi abwino, ndipo mkhristu aliyense ayenera kuwadziwa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limanena kuti mwana atsekeredwe pokhapokha njira zina zonse zitalephereka, kwa nthawi yochepa zedi, komanso asasakanizidwe ndi akuluakulu. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Child Care, Protection and Justice Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Children and Young Persons Act. Lamulo latsopanoli linakhazikitsa makhoti a ana, linaletsa kuika mwana m'ndende, ndipo linatsekula njira yopatutsira mlandu wa mwana kuti uthe popanda kuzengedwa monga wa munthu wamkulu. Pa milandu ing'onoing'ono, mwana amene wavomera kulakwa kwake angathe kupepesa, kubweza chimene anatenga, kulandira uphungu, kubwerera kusukulu kapena kuyanjanitsidwa ndi amene anamulakwira. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu konse, ndipo wosakwana zaka 14 amaimbidwa pokhapokha zitaoneka kuti ankadziwa kuti chimene akuchita n'cholakwa. Pamene lamulo la mu 2010 linkakhazikitsidwa, linkati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16. Mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, ndipo anatsekanso mpata umene unkalola makolo kukwatiwitsa mwana wa zaka 15.

Makhoti nawo achitapo mbali yawo. Mu Januwale 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda amene anagwidwa mbandakucha akupita ku geni yake, Khoti Lalikulu linagamula kuti ndime ina ya lamulo la vakabu ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2018 khoti lomwelo linalamula kuti ana amene ankasungidwa m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedwemo ndi kupititsidwa kumalo oyenera ana. Mu 2022 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti zipikisheni zongogwira anthu mwachisawawa n'zosemphana ndi malamulo. Ngakhale kunja kwa dziko lino, bungwe la United Nations linavomereza mu 2010 mfundo zotchedwa Bangkok Rules, zimene zimati atsikana otsekeredwa atetezedwe mwapadera ndipo apatsidwe mwayi wa maphunziro ndi wa ntchito zamanja wofanana ndi wa anyamata.

Tsono vuto lili pati? Lili pa mtunda umene ulipo pakati pa buku la malamulo ndi doko la asodzi. Malo a boma osinthirako khalidwe la ana ndi Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre. Onse awiri anayamba monga malo a anyamata, moti dzina lakale la Mpemba linali Mpemba Boys' Home. Kuchokera pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo wochokera ku Makanjira ayambe wayenda ena pafupifupi 100 kuti angofika pa bomapo. Mayi wogulitsa kambuzi wa ku Malombe angakwanitse kangati ulendo wotere kuti akaone mwana wake? Mwana amene saonedwa ndi abale ake kwa miyezi yambiri amabwerera kwawo ali mlendo, ndipo kusintha konse kumene anaphunzira kumafota pasanathe nthawi.

Vuto lachiwiri ndi la zaka zakubadwa. Atsikana ambiri a kumidzi alibe chiphaso cha kubadwa. Mtsikana wa zaka 15 akafika kupolisi ali ndi khanda kumsana ndi chitenje m'chiuno, aliyense amamuona ngati mayi, ndipo iye mwini, pofuna kudzilemekeza, anganene kuti ndi wapabanja. Umayi umabisa ubwana wake. Akalembedwa kuti ndi wamkulu, chitetezo chonse chimene lamulo linamuikira chimamudutsa, ndipo amakagona pamodzi ndi akuluakulu. Pamenepa mboni ya mtsogoleri wa mpingo, ya shehe, ya mfumu kapena ya mphunzitsi wamkulu, pamodzi ndi kaundula wa ubatizo, wa sukulu kapena buku la kusikelo, zingathe kupulumutsa mwana.

Vuto lachitatu ndi lakuti njira yopatutsira mlandu imafuna munthu woti amulandire mwanayo. Wapolisi kapena woweruza amene akufuna kumasula mtsikana amafunsa kuti kholo lake lili kuti. Bambo ali ku Johannesburg, mayi akuchita manyazi kapena alibe ndalama yoyendera, ndipo nthawi zina kwawo n'kumene kuli munthu amene anamuchitira nkhanza. Kumubweza kunyumba yotero ndi kumubwezera m'kamwa mwa ng'ona. Ogwira ntchito ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa boma lonse, ndipo kuti akafike kumudzi uliwonse kukafufuza za mwana pamafunika mafuta ndi nthawi. Popanda nyumba yachitetezo pafupi, chitokosi chimasanduka malo osungirako mwana, chinthu chimene lamulo silinafune.

Tikudziwa kuti ena mwa inu, awerengi athu, mukufunsa kuti, nanga wolakwiridwayo? Mayi amene anaberedwa mpamba wake wonse, kapena mtsikana amene ali ndi chipsera kumaso, kodi iwowo si ana a Mulungu? Funsoli n'loyenera, ndipo sitikulipeputsa. Si atsikana onse ogwidwa amene ali osalakwa, ndipo umphawi suchotsa tchimo. Kunena kuti mwana asapite kundende sikutanthauza kuti angosiyidwa. Njira yopatutsira mlandu imayamba ndi kuvomera kulakwa, ndipo imafuna kuti mwana ayang'anizane ndi munthu amene anamupweteka ndi kubweza momwe angathere. Kwa ambiri, kuima pamaso pa amene unamubera n'kovuta kuposa kukhala m'chitokosi. Ndiponso wolakwiridwa amapindula chiyani mtsikana akatsekeredwa? Ndalama yake sibwerera, ndipo mwanayo amatuluka ataphunzira kwa akatswiri a upandu. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Milandu ikuluikulu, monga yokhudza moyo wa munthu, ili ndi njira yake kukhoti, ndipo iyenera kutsatidwa mwachilungamo; koma ngakhale pamenepo woimbidwa mlanduyo sasiya kukhala mwana.

Nanga kukonzanso moyo wa mtsikana wotere n'kutani? Apa ndi pamene nkhani ya mwana wa Yairo ikutithandiza. Anali wa zaka 12, ndipo anthu onse anali atamutaya kale n'kuyamba maliro. Ambuye Yesu atamugwira dzanja n'kumudzutsa, chinthu chotsatira chimene analamula chinali chakuti mwanayo apatsidwe chakudya. Chozizwa chinali chake cha Ambuye, koma mbale ya chakudya inali udindo wa a m'nyumbamo. Chimodzimodzi, khoti likhoza kumasula mwana, ulaliki ukhoza kumufewetsa mtima, koma ngati mawa lake alibe chakudya, pogona ndi chochita, adzabwerera kumene anachokera.

Choyamba pa mbale imeneyi ndi sukulu. Kuyambira mu 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anabereka kubwerera m'kalasi, ndipo maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira mu 1994. Chimene chimatsekereza mtsikana wochokera m'manja mwa apolisi ndi chitonzo cha anzake, kusowa yunifolomu ndi makope, komanso kusowa womulerera khanda nthawi ya maphunziro. Magulu a amayi oyang'anira atsikana amene ali m'sukulu zambiri za pulayimale angathe kuthetsa zambiri mwa izi ngati atauzidwa msanga ndi kusunga chinsinsi.

Chachiwiri ndi luso lokhala ndi msika. Kwa zaka zambiri, anthu akati aphunzitse mtsikana ntchito yamanja, maganizo awo amathera pa makina osokera. Kusoka ndi luso labwino, koma pa msika umodzi matelala angachuluke mpaka onse kusowa kasitomala. Chuma cha Mangochi chili pa nsomba, pa alendo okaona nyanja, pa ulimi ndi pa malonda a m'malire a Chiponde. Mtsikana angaphunzire kuumitsa usipa mwaukhondo m'matenti a dzuwa monga amachitira amayi ena ku Cape Maclear, kuphika ndi kulandira alendo, kulumikiza magetsi a dzuwa, kukonza mafoni ngakhalenso injini za maboti. Ku Mpwepwe kuli sukulu ya ukachenjede ya za nsomba, ndipo bungwe la TEVETA lilipo kuti lipititse patsogolo maphunziro a ntchito zamanja. Chofunika n'chakuti malo ochepa m'maphunziro amenewa asungidwire ana ochokera ku makhoti a ana, ndipo akamaliza apatsidwe zipangizo ndi kampamba koyambira, kapena alowetsedwe mu banki m'khonde moyang'aniridwa ndi mayi wodalirika. Mtsikana amene ali ndi ndalama yake yogulira nsomba sakakamizika kugulitsa thupi lake kwa msodzi kuti apeze ndowa ya usipa.

Chachitatu ndi kuchiza mabala a mumtima. Mtsikana amene anagwiriridwa kapena kukwatiwa ali mwana amakhala ndi mkwiyo ndi mantha zimene sizitha ndi pemphero la tsiku limodzi. Amafunika munthu wamkazi wodziwa uphungu woti aziyankhula naye kwa nthawi yaitali, chithandizo cha kuchipatala, ndi kuona kuti amene anamulakwira nayenso wayankha mlandu. Ku polisi kuli nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, bungwe la YONECO limayendetsa nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ndipo a bungwe la PASI akhala akuthandiza anthu osauka m'mapolisi, m'makhoti ndi m'ndende kuyambira m'chaka cha 2000. Zitseko zimenezi zilipo, koma mwana wamantha sangagogode yekha.

Tifike tsono pa mpingo. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, malonda a akapolo ali pachimake, ndipo mwa ntchito zawo zoyamba munali sukulu ndi chithandizo cha odwala. Uthenga Wabwino unalowa m'mbali mwa nyanja ino utagwira buku m'dzanja limodzi ndi mankhwala m'dzanja linalo. Lero mpingo uli ndi chuma chimene boma lilibe, ndicho kupezeka m'mudzi uliwonse. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Mothers' Union ndi a Dorika amadziwa nyumba imene mwagona njala ndi mwana amene wasowa m'kwaya. Bwanji mpingo uliwonse woyandikana ndi polisi usasankhe amayi awiri kapena atatu okhwima maganizo, ophunzitsidwa ndi a ofesi ya chisamaliro cha anthu, oti aziitanidwa mwana wamkazi akagwidwa? Iwo angathe kumutengera chakudya, zovala ndi zofunika pa nthawi ya kumwezi, kukaitana abale ake, kuchitira umboni za zaka zake, ndi kuperekeza banjalo kukhoti. Mabanja ena oopa Mulungu angathe kuvomerezedwa mwalamulo kuti azisunga mwana kwa masabata ochepa pamene nkhani yake ikukambidwa.

Pakufunikanso kuti mabwalo a akulu a mpingo aganizire bwino za chilango. Chilango cha mpingo chinaikidwa kuti chibweze wosochera. Chikagwera mtsikana yekha, pamene mwamuna amene anamupatsa pathupi akukhalabe pa mpando wakutsogolo chifukwa amapereka bwino, achinyamata amaona, ndipo amaphunzira kuti m'nyumba ya Mulungu muli miyeso iwiri. Mtsikana amene wabwerako kupolisi akalowa m'tchalitchi n'kupeza anthu akusendera kutali pa benchi, sadzabweranso, ndipo ku bala kumene anachoka kudzamulandira ndi manja awiri.

Anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Asilamu, choncho ntchitoyi singatheke ndi Akhristu okha. Mtsikana wa pa chitokosi akhoza kukhala wa ku mzikiti kapena wa ku tchalitchi, ndipo chithandizo chathu chisakhale nyambo yomukokera ku chipembedzo chathu. Kuyambira mu 1992 Akhristu ndi Asilamu akhala pa tebulo limodzi m'bungwe la Public Affairs Committee pokambirana za dziko. Ngati anatha kugwirizana pa nkhani ya ndale za zipani zambiri, angalephere bwanji kugwirizana pa nkhani ya mwana mmodzi? Abusa, mashehe ndi mafumu a m'madera a Mponda, Nankumba, Jalasi, Chimwala ndi Makanjira atayankhula ndi mawu amodzi, khonsolo ndi aphungu a m'bomali adzamva.

Ndipo zoti akapemphe n'zodziwika. Pakhale nyumba yachitetezo ya atsikana m'boma la Mangochi momwemo, yoyang'aniridwa ndi amayi ophunzitsidwa bwino. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ipatsidwe ndalama zokwanira zoyendera. Mwana aliyense alembedwe m'kaundula akangobadwa. Eni mabala ndi malo ogona alendo amene amasunga ana aang'ono, pamodzi ndi olemba ana ntchito osawalipira, aimbidwe milandu monga lamulo linenera. Zimenezi zimafuna ndalama, inde, koma kusunga munthu m'ndende kwa zaka zambiri pamodzi ndi kulera ana ake osiyidwa kumadya zochuluka kuposa apa.

Mu mzinda womwe uja wa Filipi munali mayi wina dzina lake Lidiya, wochita malonda a nsalu zofiirira, amene anatsekula nyumba yake kwa atumwi, ndipo abale ankasonkhana kwawo. Anali ndi nyumba, anali ndi geni, anali ndi mtima wolandira alendo. Zinthu zimenezi ndi zomwe mtsikana wa ku Filipi uja ankasowa, ndipo ndi zomwenso akusowa mtsikana amene atuluke m'chitokosi sabata ino ku Mangochi kapena ku Monkey Bay. M'mipingo yathu a Lidiya alimo ambiri, ena akugulitsa nsalu ndi zitenje mu msika, ena ali ndi mathandala a usipa kudoko. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lamulungu likubwerali, bwalo la akulu a mpingo likakhala pansi, wina aimirire n'kufunsa kuti, kodi kupolisi kwathu kuno kukagwidwa mwana wamkazi, amaitana ndani?

Tipemphere. Atate wachifundo, inu amene simuiwala ngakhale mmodzi wa ana anu, kumbukirani atsikana amene ali m'manja mwa malamulo. Patsani nzeru apolisi, oweruza ndi onse owasamalira, tonthozani amene analakwiridwa, ndipo tsekulani makomo athu kuti mwana womasulidwa apeze kolowera. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.